Dzanja pa Mphuno ya Dora

Chibayo chinamugwiranso Dora mpunga ukadali pa nazale. Kanali kachitatu chaka chomwecho, ndipo ulendo uno nthiti zinkachita kulowa m'kati akamapuma. Mayi wake, Fainess Kalua, anasiya mbande zake ku sikimu ya mpunga wothirira ya ku Hara n'kumubereka mpaka kumsewu, zidendene za mwanayo zikumugunda kuseri kwa mawondo, pakuti Dora anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Atafika ku chipatala cha boma, anamwino sanataye nthawi ndi mafunso. Anangomuika pa makina a mpweya.

Dora anabadwa movutikira, ndipo anachedwa kulira. Ubongo wake unavulala tsiku lomwelo, n'chifukwa chake ziwalo sizinkamumvera. Miyendo inali youma ndi yopingasa, dzanja lamanzere linali lofumbata nthawi zonse, lamanja linkagwira chinthu koma likunjenjemera. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, mochita kukoka. Koma m'mutu munali bwinobwino. Nyimbo za kutchalitchi ankazidziwa zonse, ndipo munthu akanena bodza pakhonde, woyamba kuseka anali Dora. Bambo ake anapita ku Mbeya kukapikula nsapato mwanayo asanamere mano, ndipo mpaka lero akadasankhabe.

Choncho zonse zinagwera Fainess, ndipo anazisenza osadandaula. Ankamusambitsa, kumuveka, kumubereka ndi kumudyetsa. Ku Hara konse, ukafuna kuchititsa manyazi mayi waulesi unkangomutchulira anyina Dora. Amayi a umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, ankati mkazi ameneyu kumwamba adzalowa osagogoda. Tisanamizane, mawu amenewa ankamukomera Fainess. Munthu amene mwamuna anamuthawa amafunanso kanthu kena kakuti anthu azimutchulira zabwino.

Za chibayocho anali ndi yankho lake: chinyontho cha m'minda ya mpunga. Ndiye ankamuveka Dora majuzi awiri ndi chipewa cha ulusi ngakhale mu Okutobala, mu Karonga muno mmene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Chibayo chinkabwerabe.

Patapita masiku Dora anachotsedwa pa makina, ndipo anamwino anati akhoza kuyamba kudya pang'onopang'ono. Fainess anasangalala. Anayala chitenje pansi pafupi ndi bedi n'kukhala atatambasula miyendo. Anamugoneka Dora chagada pantchafu pake, mutu uli cham'munsi, n'kupanikiza miyendo ya mwanayo ndi mwendo wake kuti isapalase. Kenako anapinda chikhatho pakamwa pa Dora ngati kambale, n'kuthiramo phala lamadzimadzi. Ndi zala ziwiri za dzanja linalo anamutsina mphuno. Mwana akasowa mpweya amayasamula, phala n'kulowa. Umu ndi mmene Fainess anadyetsedwera ali khanda, ndiponso mmene amayi ambiri kumudzi amamwetsera phala makanda okana kudya. Kusiyana kwake n'kwakuti ena amasiya mwana akayamba kuyenda. Dora sanayende, ndiye Fainess sanasiye. Mwanayo ankalira ndi kuphiriphitha, koma kwa Fainess amenewo anali matenda ake omwe aja.

Nthawi yomweyo m'wodimo munkadutsa mayi Hilda Kachingwe, dokotala wa mafizo, amene kwawo ndi ku Dedza. Ntchito yawo inali yothandiza anthu a vuto la ziwalo kuti azitha kudzichitira zinthu. Ataona zimene zinkachitika pansipo anaima njii, kenako anathamangira pomwepo.

"Mayi, chotsani dzanja pamphunopo. Chonde, chotsani pompano."

Fainess anadzutsa mutu modabwa. "Yayi adokotala, musaope. Ukapanda kumugwira mphuno uyu sameza. Ndimamudziwa mwana wane."

"Mwakhala mukumudyetsa chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira atasiya bere."

"Tsiku lililonse?"

"Enya. M'mawa, masana, madzulo. Sanagonepo ndi njala uyu," anavomera Fainess monyadira.

Mayi Kachingwe anakhala pansi pasimenti pomwepo, yunifolomu yoyera ili choncho. Anamudzutsa Dora, kumukhazika tsonga, n'kumusiya atsokomole mpaka kupuma kunakhazikika. Kenako anatenga kapu ya madzi n'kumupatsa Fainess.

"Tayang'anani kudenga. Gadamitsani mutu kwambiri. Tsopano imwani, osawerama."

Fainess anaona ngati zachibwana, koma sakanakana pamaso pa wodi yonse. Anangomeza kamodzi. Madziwo anapita kosayenera, ndipo anatsamwa, kutsokomola mpaka misozi.

"Mwaona? Ndipotu ine mphuno sindinakugwireni," anatero mayi Kachingwe. "Pakhosi pathu pali njira ziwiri, ina ya chakudya, ina ya mpweya. Tikamameza, ya mpweya imatsekeka. Ana amene ubongo unavulala ngati Dora, amene kuno timangoti a CP, ambiri mwa iwo pakhosi pamachedwa kutseka. Mukamugoneka chagada n'kumutsina mphuno, amakoka mpweya ndi phala lomwe. Inu mwatsokomola, madzi atuluka. Dora mphamvu yotsokomola choncho alibe. Phalalo limatsalira m'mapapo, n'kuyambitsa matenda. Mayi, chibayo chimene chikumubweretsa kuno sichikuchokera m'minda ya mpunga. Chikuchokera m'kadyetsedwe kameneka."

Mawuwo Fainess anawamva onse, koma anakana kukhala m'mutu mwake. Anayang'ana chikhatho chake, phala likuumirapo. Choyamba kubwera unali mkwiyo.

"Mukuti ine ndikupha mwana wane? Ine amene sindipita ku ukwati, ngakhale kukagona kumaliro, chifukwa cha yemweyu?"

"Sindikuti munachita dala. Munaphunzitsidwa choncho, ndipo palibe amene anakuuzani zina. Kadyetsedwe kameneka n'koopsa kwa mwana aliyense, ngakhale wopanda vuto. Koma ndikuuzeni chilungamo. Mapapo a Dora atopa. Chibayo china chachikulu ngati ichi, mwina sitidzathanso kumubweza."

Amayi ena amene anali ndi makanda pamabedi oyandikana ankayang'ana pansi, chifukwa nawonso zala zawo zinkaidziwa ntchitoyo. Fainess anakumbukira maulendo onse amene anathamanga ndi Dora ku chipatala, mapemphero onse, majuzi aja, ndipo anachita mantha ndi manja ake omwe.

"Nanga adzadya bwanji?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Atakhala tsonga, ndipo tiyese kuti azidya yekha. Dzanja lamanjali ndaliona, likhoza."

"Yekha? Uyu?"

"Mubwere naye kuchipinda cha mafizo akapezako bwino. Kuli munthu amene ndikufuna mukamuone."

Kuchipinda cha mafizo Fainess anapeza makolo angapo atakhala pabwalo, akumata makatoni ndi phala la chinangwa. Ankapanga mipando. Mumtima anaseka: mwana wake wokula chonchi akhale pa katoni ya sopo? Koma atagogoda umodzi umene unali utauma, unalira ngati thabwa. Amene ankatsogolera ntchitoyo anali bambo wa imvi, a Hudson Mwalughali a ku Ngara. Miyendo yawo inali yopingasa ngati ya Dora, mutu unkagwedezeka wokha, ndipo ankayenda ndi ndodo ziwiri. Fainess anayang'ana uku ndi uku kufuna amene anawabweretsa.

"Mukufuna ndani, amama?" anafunsa a Hudson. Mawu awo ankatuluka mochedwa, koma ankamveka.

"Amene mwabwera nawo, adada."

"Ndabwera ndi minibasi. Akazi anga ali kumunda, ana kusukulu. Nkhuku zanga ndazisiyira madeya."

Fainess anagwira pakamwa. Akazi? Ana? Munthu wotere? Manyazi anamugwira pozindikira kuti maganizo akewo aonekera pankhope, koma a Hudson anangoseka. Zimenezi anali atazizolowera. Anamusiya ali chomwecho n'kutembenukira kwa Dora.

"Iwe ndiwe Dora? Umakonda kudya chiyani?"

"Amakonda phala la mpunga," anayankha Fainess.

"Ndafunsa mwini wake."

Dora anayang'ana mayi wake, kenako bamboyo. Pakamwa panavutika kwa nthawi. "Ntho... chi."

Fainess sanadziwe kuti ayang'ane kuti. Nthochi zinali mbwee kuseri kwa nyumba yake, koma sanamupatsepo chifukwa sizikanatheka kuzithira pachikhatho.

"Adada, kuwongola mtengo n'poyamba," anatero podziteteza. "Uyu wakula kale. Angaphunzire chiyani pano?"

A Hudson anasiya kumwetulira. "Ine supuni ndinaigwira koyamba ndili ndi ndevu. Amama anga ankandikonda ngati mmene mumamukondera uyu. Kundidyetsa, kundisambitsa, kundiyankhira. Atamwalira, anthu anali kalikiliki ndi maliro, ine ndili m'chipinda, mbale ili apo, ine apa. Ndinkangoiyang'ana. Amama anga anandiphunzitsa kudya atalowa m'manda. Inu musadikire zimenezo."

Funso lakuti Dora adzatani iye akadzafa Fainess ankalithamangitsa nthawi zonse likabwera, ndipo apa munthu anali atalinena poyera, masanasana.

Mayi Kachingwe anamuyeza Dora n'kumupezera mpando womukwana, wokhala ndi kathebulo kutsogolo ndi chotchinga pakati pa mawondo kuti asatsetsereke. Anatenga supuni n'kukulunga chogwirira chake ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka chinanenepa ngati chinangwa. Kapu yapulasitiki anaidula mbali imodzi kuti mphuno izilowapo, mwana azimwa osagadamitsa mutu. Pansi pa mbale anayalapo kansalu konyowa kuti isamathawe. M'mbalemo munali nthochi zophika zophwanyaphwanya.

"Chakudya chizikhala chofewa koma cholimbirako, osati chamadzimadzi," anatero. "Chibwano chiziweramira pang'ono pachifuwa. Supuni isamadzaze, ndipo azimeza kaye asanatapenso. Akatopa mukhoza kumuthandiza, koma ali tsonga, ndipo iyeyo akavomera. Akamaliza akhalebe pampando kwa kanthawi, musamugoneke msanga. Tsopano inu mayi, manja anuwo akulungeni m'chitenje."

Supuni yoyamba inathera patsaya. Yachiwiri inafika kukhutu. Yachitatu inagwera pansi. Manja a Fainess ankayabwa m'chitenjemo, ndipo kawiri konse anadzambatuka, mayi Kachingwe n'kumubweza ndi diso lokha. Kenako, mosadziwika bwino, supuni ina inapeza pakamwa. Dora anatafuna, anameza, sanatsokomole. Anayang'ana anthu onse ngati akufunsa kuti mwaona? Fainess anadabwa kwambiri moti anaiwala kusangalala.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Hudson. "Poyamba nkhuku zidzanenepa kuposa mwana, koma musataye mtima."

Mawu omaliza a mayi Kachingwe pa tsiku lotuluka anali akuti: "Aliyense amene amakuthandizani kusamala Dora mukamuuze zimene ndakuuzanizi, ndi chifukwa chake chomwe."

Apa ndi pamene Fainess anapunthwa. Atafika ku Hara ndi mpando wa makatoni pamutu, anthu anamufunsa kuti kuchipatala akuti chiyani. Iye anayankha kuti achipatala akuti mwana aziphunzira kudya yekha, basi. Za mapapo sananene. Akanayamba bwanji? Mayi wachitsanzo wa mudzi wonse aime pakhonde n'kunena kuti chibayo chonse chija chinkachokera m'chikhatho chake? Anaona kuti nkhaniyo ikhoza kukhala mumtima mwake, bola iye wasintha.

Ndipo anasinthadi. Chakudya chimene kale chinkatha madzi osamba asanafunde, tsopano chinkatenga m'mawa wonse. Dora ankadzipaka nthochi mpaka m'tsitsi, nkhuku zikuchita msonkhano pansi pa mpando. Koma chifuwa chinayamba kuphwa, ndipo mwanayo ankachita kuitanitsa yekha mbale. Anayambanso kudzipukuta kumaso ndi kuvula yekha chipewa chija, chimene anachiponya kutali tsiku loyamba lomwe.

Anthu odutsa pamsewu ankaona zina. Ankaona mwana wolumala akulimbana ndi supuni, mayi wake atakhala poteropo manja ali m'chitenje. Manong'onong'o anafika kwa Bertha, mlongo wa bambo ake a Dora, amene ankakhala mudzi woyandikana nawo. Kumeneko mwana ndi wa kuchimuna, ndipo ankhazi, ndiye kuti mlongo wa bambo, akalankhula za mwana wa mlongo wawo, mayi amamvetsera. Bertha anali munthu wa mtima wabwino ndi pakamwa pothamanga. Anafika, anaona, anagwira m'chiuno.

"Mulamu, ichi n'chiyani? Mwana wathu wasanduka chidole cha anthu odutsa?"

"Ndi malangizo a kuchipatala, mulamu."

"Achipatala amadziwa za m'mabuku. Mwana timamudziwa ndife. Taonani, chakudya chonse chili pansi, m'mimba mwalowa chiyani? Chiuta anamulenga chonchi kuti tizimutumikira. Ngati mwatopa naye nenani, ife a kwawo tilipo."

Mawu akuti mwatopa anamulasa Fainess pamtima. Choonadi chinafika pamlomo, koma pakhomopo panali amayi awiri a umanyano amene anabwera kudzamuona Dora. Anachimeza.

"Sindinatope, mulamu," anangotero.

Ku sikimu madzi amayenda mosinthana. Tsiku lako likafika umayenera kukhalapo, kutsegula ngalande yako ndi kuyang'anira mpaka ndime yakhuta. Ukaphonya umadikira ulendo wina, ndipo mpunga wongowokera kumene sudikira munthu. Tsiku la Fainess litafika, anamukhazika Dora pampando wake pakhonde, pamthunzi, mbale ya nthochi ndi mapeyala ili patsogolo. Anapempha mayi wa nyumba yoyandikana kuti azimuponyera diso, n'kunena kuti sachedwa. Koma kumtunda ngalande inali itatsekeka ndi zinyalala, madzi anachedwa, ndipo pamene ankabwerera dzuwa linali litapendeka.

Asanaone chilichonse anamva phokoso. Kanali kaphokoso ka pakhosi, kofanana ndi madzi akamalowa m'botolo, kosakanikirana ndi kulira kotsekerezedwa. Ankakadziwa bwino kaphokoso kameneko. Atakhota pa nthochi za kuseri kwa nyumba anaima, khasu lili paphewa.

Mpando unali wopanda munthu. Bertha anali pamkeka, atamugoneka Dora chagada pantchafu pake, mwendo wake utapanikiza miyendo ya mwanayo. Chikhatho chinali pakamwa, chodzaza phala. Zala ziwiri zinali pamphuno. Ankamuimbira kanyimbo motsitsa, mwachikondi chenicheni, ndipo mayi woyandikana naye uja anali chapafupi akusenda chinangwa, akugwedeza mutu movomereza.

Zaka zonsezi Fainess ankaona ntchitoyi ali pamwamba, maso ali pa phala kuti lisatayike. Kuchokera panjira anaona zimene sanazionepo. Anaona zala za kumapazi zitapindika, zidendene zikukumba mkeka. Anaona dzanja lamanja lija, limene linali litaphunzira kugwira supuni, likumenya pansi mobwerezabwereza. Anaona mitsempha ya m'khosi itatupa, ndi maso atatuluka, akuyang'ana uku ndi uku kufuna wowalanditsa. Ameneyo sanali mwana amene akudya. Anali munthu amene akumira, wina atamugwira kuti asavuuke. Fainess ankayang'ana Bertha koma ankadziona yekha.

Khasu linagwa. Sanadziwe kuti wafika bwanji pamkekapo. Anakankha dzanja la Bertha, phala n'kumwazika, ndipo anamudzutsa Dora n'kumuweramitsa kutsogolo. Mwanayo anatsokomola, anasanza, anatsokomolanso, milomo itachita bii. Patapita nthawi mpweya unabwerera, koma m'chifuwa munkamveka kulira.

"Mwapenga kodi, mulamu?" anatero Bertha akudzipukuta. "Ndapeza mwana wadya theka, mbale yagwa pansi, inu kulibe. Ndamuphikira phala ngati mmene mumachitira inu nomwe. Ndalakwa chiyani?"

Anthu anali atayamba kusonkhana. Fainess anawayang'ana, amayi amene ankamutchula ngati chitsanzo, ndipo anaona kuti mbiri yake yabwino yatsala pang'ono kumudyera mwana.

"Simunalakwe inu, mulamu. Ndalakwa ndine, chifukwa sindinakuuzeni. Phala tikamamwetsa chonchi limapita m'mapapo. Chibayo chonse chija sichinali cha chinyontho. Ndinkamupatsa ndine, ndi dzanja ili. Adokotala anandiuza kuti chikabweranso chachikulu, mwina sadzapola."

Mayi wa chinangwa uja anasiya mpeni, chifukwa nayenso anali ndi mdzukulu amene ankamumwetsa phala chimodzimodzi m'mawa uliwonse. Bertha anayang'ana chikhatho chake, kenako Dora, ndipo nkhope yake inagwa.

"Ndiye munandisiya ndichite zimenezi? Munandisiya, mulamu, mukudziwa?"

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi," anabwereza Bertha motsitsa, ngati mawuwo akuwamva koyamba. Anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu.

M'mawa mwake thupi la Dora linali litatentha, ndipo kupuma kunali kothamanga. Fainess sanadikire kuti aone ngati kusinthe. Anamubereka, ndipo pofika kumsewu anapeza Bertha ali kale pomwepo, maso ali otupa, mpando wa makatoni uli pamutu. Kondakitala atayamba kudandaula za malo, Bertha anamuyang'ana kamodzi kokha, mpandowo unakwera.

Ulendo wonse Fainess anali ataika khutu pamsana pa mwana wake, kumvetsera mpweya uliwonse. Ku chipatala anamuyeza n'kupeza kuti chibayo chayambadi, koma chinali chisanazike mizu. Anamuyamba jakisoni tsiku lomwelo. Masiku oyamba anali oopsa, ndipo Fainess sankadya kapena kuyankhula. Kenako kutentha kunatsika. Mayi Kachingwe atamva nkhani yonse sanakalipe. Anati kubwera msanga n'kumene kwamupulumutsa, ndipo anakhala pansi ndi Bertha n'kumufotokozera zonse kuyambira pachiyambi. Bertha anapempha yekha kapu ya madzi ija kuti ayese. Atatsamwa, ananena kuti akabwerera kumudzi nkhaniyi akaiyambira ku umanyano.

Tsiku limene Dora analoledwa kudyanso, anamukhazika pampando wake pafupi ndi zenera la wodi. Bertha anali atapita kukachapa. Fainess anaika mbale pakansalu konyowa, anamupatsa supuni, n'kukhala pansi. Anamuyang'ana akutapa, akuphonya, akutapanso. Funso lina linali likumudya kuyambira tsiku lija panjira, ndipo sanathenso kulisunga.

"Dora, mwana wane. Mmene ankhazi ankakumwetsera muja, ndi mmene unkamvera ndikamakumwetsa ine?"

Dora anasiya supuni. Anagwedeza mutu kuvomera.

"Nthawi zonse?"

"E... nya."

Misozi ya Fainess inayamba kutsika. "Nanga bwanji sunandiuze, mwana wane? Zaka zonsezi, bwanji sunanene?"

Yankho linatenga nthawi. Chibwano chinanjenjemera, khosi linakokeka, dzanja lamanzere linafumbata kwambiri. Fainess anadikira mpaka mawu onse anatuluka.

"Ndi... nka... nena, amama. Ndinka... lira. Inu... munkati... ndi matenda."

Fainess anabisa nkhope m'chitenje n'kulira ngati wamva uthenga wa maliro. Dora anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anatola supuni yake n'kupitiriza kudya.

Phunziro: Munthu amene ubongo wake unavulala ali wamng'ono, kaya ndi mwana kaya ndi wamkulu, amamva, amaganiza ndipo ali ndi zofuna zake. Timufunse, ndipo tidikire yankho lake. Kumuchitira chilichonse si chikondi chokwanira. Timuthandize kuphunzira zimene angathe, monga kudya, kusamba kumaso ndi kuvala, ngakhale zitenge nthawi, chifukwa womusamalira sadzakhalapo mpaka kalekale. Mwana aliyense asadyetsedwe atagona chagada kapena atatsinidwa mphuno. Ngati amatsamwa pakudya kapena amadwala chifuwa kawirikawiri, pitani naye ku chipatala mukaonane ndi a mafizo, pakuti anthuwa amasiyana zimene angathe. Ndipo malangizo amene mwalandira muuze aliyense amene amagwira mwanayo, ngakhale akhale okuchititsani manyazi.